Khwawa Likakwiririka

Kumudzi kwathu ku Dedza kuli khwawa lomwe theka la chaka limakhala louma gwa. Ana amaseweramo, mbuzi zimausamo masana, ndipo mlendo akhoza kulidumpha osadziwa kuti wawoloka mtsinje. Koma mvula yoyamba ikangogunda phiri, madzi safunsa njira kwa munthu. Amatsikira momwemo, kukhota pomwe anakhota chaka chatha, kugwera pathanthwe lomwe agogo athu ankachapirapo ali atsikana. N'chifukwa chake akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Mwambiwu timaunena munthu akabwerera kwawo atatchona, kapena akabwerera ku khalidwe lomwe analumbira pagulu kuti walisiya.

Ine ndinayamba kukangana nawo mwambiwu chaka chomwe agogo anga aakazi anandifunsa kanayi, tisanamalize n'komwe nsima, kuti, "Kodi mwafika liti?" Kanayi konseko ndinayankha kuti dzulo, ndipo kanayi konseko anakondwera ngati akumva koyamba. Usiku umenewo ndili pamphasa ndinaona kuti mwambiwu umayamikira madzi pa ntchito yomwe si yawo. Madzi a chaka chino phiri lathu salidziwa. Anali mtambo sabata yatha, ndipo sabata yamawa adzakhala ali kunyanja. Chimene chimakumbukira ndi khwawalo. Nthaka ndiyo inasunga njira, ndipo madzi amangomvera. Ndiye funso lomwe makolo sanatisiyire yankho lake ndi ili: nanga khwawa likakwiririka, madziwo alakwa chiyani?

Ubongo wa munthu uli ndi maselo a mitsempha pafupifupi 86 biliyoni, ndipo chodabwitsa n'chakuti ambiri mwa maselowa sagundana. Nkhani imeneyi inautsa mapiri pachigwa. Mu 1906 ku Stockholm, akatswiri awiri anagawana mphoto ya Nobel asakumvana. Camillo Golgi wa ku Italy ankati ubongo ndi ukonde umodzi wosadukiza, pamene Santiago Ramón y Cajal wa ku Spain ankati selo lililonse lili palokha, limangoyandikira linzake. Cajal ndiye ankanena zoona, ngakhale kuti kampata kamene ankakanenako kanadzaoneka ndi maso m'zaka za m'ma 1950, kutabwera maikulosikopu amphamvu. Dzina lake linali litaperekedwa kale mu 1897 ndi Charles Sherrington wa ku England, amene anakatcha synapse, kuchokera ku mawu a Chigiriki onena za kugwirana. Kampatako n'kochepa moti mungafunike masauzande angapo kuti afanane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Komabe chilichonse chomwe mumadziwa, dzina la mwana wanu, njira ya kuchigayo, fungo la nkhwani wotendera, chimawoloka pamenepo.

Uthenga ukafika kumapeto kwa selo, timatumba tating'ono timatseguka n'kukhuthulira mankhwala ake m'kampatako, ndipo tsidya linalo kuli tizitseko tomwe timawalandira. Mankhwala omwe amanyamula mauthenga ambiri odzutsa maselo mu ubongo ndi glutamate. Dzinali si lachilendo kukhitchini. Mu 1908 Kikunae Ikeda wa ku Tokyo anaipeza glutamate mu ndere za m'nyanja zomwe anthu a ku Japan amaphikira msuzi, ndipo ndi imodzi mwa zomwe zimakometsa tomato wakupsa bwino. Pasakhale wothamangira kumsika poganiza kuti akagula nzeru, chifukwa ubongo umapanga glutamate yakeyake, sudalira ya m'mbale.

Ku Oslo, m'dziko la Norway, Terje Lømo ndi Tim Bliss anachita kafukufuku pa akalulu yemwe anafalitsidwa mu 1973. Anapeza kuti njira imodzi ya mitsempha ikagwedezedwa mobwerezabwereza kwa kanthawi kochepa, ma synapse ake amalimba, moti kwa maola ambiri pambuyo pake uthenga umawoloka mosavuta kusiyana ndi kale. Nditawerenga zimenezi ndinaseka ndekha, chifukwa mwana aliyense wa kumapiri amazidziwa. Pomwe madzi adutsa kamodzi pamatsala kamzere. Akadutsanso kamzereko kamazama. Zikapita zaka pamakhala khwawa loti ng'ombe ikagweramo muitane mudzi wonse. Kuphunzira n'kukumba makwawa, ndipo glutamate ndiwo madzi okumbawo.

Chaka chija cha 1906, pa 3 Novembala, dokotala Alois Alzheimer anaimirira pamsonkhano ku Tübingen m'dziko la Germany kufotokoza za mayi wina, Auguste Deter, yemwe anamulandira m'chipatala ku Frankfurt mu 1901 ali ndi zaka 51. Mayiyu ankaiwala zomwe wangouzidwa kumene ndipo ankalephera kumaliza kulemba dzina lake lomwe. Atamwalira, Alzheimer anaunika ubongo wake napeza zinthu ziwiri: timiulu ta zinyalala pakati pa maselo, tomwe lero tikudziwa kuti ndi puloteni yotchedwa amyloid, ndi timaulusi topiringizika m'kati mwa maselo, ta puloteni ina yotchedwa tau. Kwa zaka zoposa 80 maso a ofufuza ambiri anali pa zinyalalazi. Sindikuwadzudzula. Munthu ukafika pamudzi n'kupeza mulu wa phulusa, umayamba wafunsa za phulusalo.

Koma zinyalalazo pazokha zinkakana kufotokoza zonse. Kuyambira mu 1986 David Snowdon anatsatira moyo wa masisitere achikatolika a ku America, omwe anadzakwana 678, onse okalamba, amene anavomera kuyesedwa nzeru chaka ndi chaka komanso kupereka ubongo wawo akamwalira. Ena anafa mutu ukugwira bwinobwino, koma ubongo wawo utatsegulidwa munali amyloid tho. Ndiye chimene chimasiyanitsa woiwala ndi wosaiwala n'chiyani? Mbali ya yankho inachokera kwa anthu omwe anasiya kuwerenga zinyalala n'kuyamba kuwerenga mawoloko. Mu 1990 Steven DeKosky ndi Stephen Scheff ku Kentucky, kenaka mu 1991 Robert Terry ndi anzake ku San Diego, anaonetsa kuti kuchepa kwa ma synapse ndiko kumayenda limodzi kwambiri ndi kufooka kwa nzeru, kuposa kuchuluka kwa timiulu tija. Selo likhoza kukhala lamoyo koma litasiya kulankhulana ndi anansi ake. Mudzi ulipo, nyumba zilipo, utsi ukufuka, koma tinjira topita kwa anzako tamera udzu.

Vuto linali lakuti kuwerenga kumeneku kunkafuna kachidutswa ka ubongo pansi pa maikulosikopu, ndipo nthawi zambiri mwini wake amakhala atatsikira kale kulichete. Zinali ngati kuyesa khwawa mudzi utasamuka.

Chomwe chinasintha zinthu chinachokera kosayembekezeka, ku matenda a khunyu. Kampani ya UCB ya ku Belgium ili ndi mankhwala a khunyu otchedwa levetiracetam, omwe ambiri amawadziwa kuti Keppra. Mankhwalawa anayamba kuthandiza odwala akatswiri asanadziwe bwino pomwe amakagwira. Mu 2004 zinadziwika kuti amakakamira pa puloteni yotchedwa SV2A, yomwe imakhala pa timatumba tija, ndipo timatumbato timapezeka pafupifupi pa synapse iliyonse. Apa m'pamene nzeru inabadwira. Ngati pali chinthu chomwe chimadziwa chokha njira yopita pa synapse iliyonse, bwanji osachimangirira kanyali n'kuchitsatira? Ofufuza a payunivesite ya Yale ku New Haven, m'chigawo cha Connecticut, anatenga m'bale wake wa mankhwala aja, wotchedwa UCB-J, n'kumuphatikiza ndi carbon-11 yomwe imatulutsa cheza. Mu 2016 Sjoerd Finnema, Richard Carson ndi anzawo analengeza kuti ajambula kuchuluka kwa ma synapse mu ubongo wa munthu wamoyo, atatsimikizira kaye njirayo pa nyani.

Ntchitoyi ili ndi mbali yomwe imandigwira mtima. Carbon-11 sachedwa kuzilala. Pa mphindi 20 zilizonse theka la mphamvu yake limatha, moti pakatha ola limodzi pamatsala gawo limodzi mwa magawo 8. Sungaigule kutali n'kuisunga m'kabati. Imapangidwa pomwepo m'makina aakulu otchedwa cyclotron, akatswiri amailumikiza ku mankhwala aja mothamanga, kenaka imabayidwa mu mtsempha wa munthu yemwe wagona kale, mutu uli m'kati mwa mkombero wa makina a PET. Kanyali kalikonse kakamazima kamaponya cheza mbali ziwiri zotsutsana, mkomberowo umagwira zonse ziwiri, ndipo kompyuta imalondola pomwe zachokera. Kunja kwa chipindacho anthu akuthamanga ndi nthawi, m'katimo nkhalamba yagona phee kwa ola lathunthu kapena kupitirira, osagwedeza mutu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma pano wodekhayo ndi nkhono yomwe. Ambiri mwa anthu amenewa amadziwa kuti chithunzicho sichiwachiritsa. Amagona pamenepo chifukwa cha ena omwe sadzawaona.

Mu 2018 Ming-Kai Chen, Christopher van Dyck ndi anzawo anayerekeza anthu 10 omwe matenda a Alzheimer anali atangowayamba ndi anthu 11 a nzeru zabwinobwino. M'chigawo cha ubongo chotchedwa hippocampus, kukakamira kwa UCB-J kunali kotsika ndi 41 peresenti mwa odwalawo. Chigawochi, chomwe chinapatsidwa dzina la kansomba ka m'nyanja yamchere ka mutu ngati wa hatchi, ndi khomo lolowera zatsopano. Dziko linaphunzira zimenezi mowawa kudzera mwa Henry Molaison, yemwe mu 1953, ku Hartford m'chigawo chomwecho cha Connecticut, anamuchotsa mbali yaikulu ya hippocampus kumanzere ndi kumanja pofuna kuchiza khunyu. Anakhala moyo mpaka 2008 akukumbukira ubwana wake, koma munthu akatuluka m'chipinda n'kubwereranso ankamulonjera ngati mlendo. Pamene ndinawerenga za iye ndinamva mawu a agogo aja, "Kodi mwafika liti?" Mu 2020 gulu lija la Chen ndi van Dyck, motsogozedwa ndi Adam Mecca, linajambula odwala 34 ndi anthu abwino 19, ndipo linapeza kuti kuchepako sikuthera mu hippocampus, kwafalikira kale m'zigawo zambiri za ubongo ngakhale matenda akadali poyambira. Patapita zaka ziwiri anaonetsanso kuti odwala omwe anali ndi ma synapse ochepa ndiwo ankalephera kwambiri mayeso a nzeru. Zomwe Terry anaziona mwa akufa zinaonekanso mwa amoyo.

Zonsezi ndi za tsidya lotumiza. Nanga tsidya lolandira? Tizitseko ta glutamate si ta mtundu umodzi. Tina, monga totchedwa AMPA ndi NMDA, timatseguka nthawi yomweyo kuti uthenga udutse. Koma pali china, mGluR5, chomwe chimakhala chakumphepete kwa synapse, ndipo ntchito yake ikufanana ndi ya munthu woyang'anira ngalande pa ulimi wamthirira. Iye sathirira munda. Amangoona kuchuluka kwa madzi n'kugamula kuti ngalande iyi ikuzidwe, iyo ichepetsedwe. Udindo wotere ndi waukulu chifukwa glutamate ikasefukira imapha maselo omwe imayenera kuwadzutsa, monga madzi omwewo amene amameretsa chimanga amakokololanso munda. Mankhwala a memantine, omwe anavomerezedwa ku America mu 2003, amagwira ntchito pochepetsa kusefukira kumeneku pa tizitseko ta NMDA. Amapeputsako zizindikiro kwa ena, koma sachiza.

Mecca ndi anzake anajambulanso mGluR5 pogwiritsa ntchito kanyali kena, FPEB, komwe kamanyamula fluorine-18 ndipo kamakhalitsako, pakuti theka la mphamvu yake limatha pa mphindi pafupifupi 110. Mwa odwala 16 poyerekeza ndi anthu abwino 15, mGluR5 inali yotsika ndi 43 peresenti mu hippocampus. Ziwerengero ziwirizi, 41 ndi 43, zayandikana mokopa, ndipo munthu akhoza kufulumira kunena kuti nkhani yatha: khwawa likakwiririka, woyang'anira ngalande amapita nalo limodzi.

Ine pamenepa ndimaima kaye, chifukwa mGluR5 ili ndi mlandu wina. Pa Yale pomwepo, Stephen Strittmatter ndi gulu lake anaonetsa mu 2009 kuti timagulu tating'ono ta amyloid, tomwe timayandama tisanaunjikane kukhala timiulu, timakakamira pa puloteni ya prion yomwe ili pakhungu la selo. Mu 2013 anaonetsa kuti uthenga woipawo umalowa m'selo kudzera mu mGluR5. Ndiye kuti woyang'anira ngalande uja ali ngati mlonda yemwenso amatsegulira wakuba, osati mwa dala, koma chifukwa wakubayo wabwera atagwirana mkono ndi munthu wodziwika pakhomopo. Zikatere synapse imafooka, ndipo maselo osesa mu ubongo amaitenga ngati chinyalala n'kuidya. Tsono kutsika kwa mGluR5 pachithunzi kungamveke pawiri. Kungakhale chipsera cha ma synapse omwe atha, kapena kungakhale selo lomwe likubweza tizitseko take m'kati podziteteza, monga mudzi womwe umatseka zipata ukamva mphekesera ya nkhondo. Chithunzi chimodzi sichingasiyanitse ziwirizi, chifukwa chimajambula tsiku limodzi la matenda omwe amyloid yake imayamba kuunjikana zaka 15 kapena 20 munthu asanaiwale kanthu.

Gulu la Strittmatter linayesa mankhwala otchedwa BMS-984923, omwe amatseka njira ya amyloid pa mGluR5 koma osasokoneza glutamate pa ntchito yake. Mu 2022 analengeza kuti mu mbewa zokalamba zokhala ndi matenda ofanana ndi a Alzheimer, ma synapse anabwerera, ndipo kubwerera kwakeko anakuona ndi PET ya SV2A yomwe ija. Mawu akuti anabwerera ndinawawerenga kawiri. Selo lakufa silidzuka, koma selo lamoyo likhoza kuphukanso nthambi n'kugwirananso ndi mnzake. Komabe mbewa si agogo. Mbiri ya matendawa yadzaza ndi mankhwala omwe anachiritsa mbewa n'kulephera pa anthu, ndipo amene wasamalirapo wodwala amadziwa kuti chiyembekezo chogulitsidwa msanga chimapweteka kuposa kusowa kwake.

Ngakhale zithunzi zokongola zija, zofiira apa zobiriwira apo, ziyenera kuwerengedwa modzichepetsa. PET siona synapse ngakhale imodzi. Imaona kuwala kosakanikirana pa malo a mamilimita angapo. Mu 2024 ofufuza a ku Harvard ndi a Google anaunika kachidutswa ka ubongo wa munthu kochepera njere ya mpunga, napezamo maselo pafupifupi 57,000 ndi ma synapse pafupifupi 150 miliyoni. Choncho kadontho kamodzi pachithunzi cha PET kali ngati kuyang'ana mzinda usiku uli pamwamba pa phiri. Ukhoza kudziwa kuti dera ili magetsi achepa kusiyana ndi lija, koma sungadziwe nyumba yomwe yazimitsa, kapena ngati eni ake asamuka kapena angogona. Chomwe chikuwerengedwa ndi puloteni ya SV2A, ndipo timakhulupirira kuti ikuimira ma synapse. Ubongo wa wodwala umafotanso, ndipo kufotako kumasokoneza muyeso ngati sikunawerengeredwe. Anthu ojambulidwawo ndi makumi ochepa chabe, pamene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati odwala matenda oiwalaiwala ndi oposa 55 miliyoni, ndipo oposa 60 mwa 100 alionse ali m'mayiko osauka ndi apakatikati, kutali ndi cyclotron iliyonse.

Nanga ife a kuno zikutikhudza chiyani, popeza agogo anga sanalowepo m'makina otere? Zimandikhudza chifukwa cha mawu omwe ndinawamva pakhomo pathu pomwe. "Akuchita dala." "Ayamba zachibwana." Ndipo tsiku lina atapezeka m'bandakucha pabwalo la eni ake, atasokera pochokera kuchimbudzi, panamveka liwu lina loopsa lomwe aliyense wokulira kumudzi akulidziwa, liwu lomwe laphetsa nkhalamba zambiri m'dziko muno. Mayi anga anachita kuyenda khomo ndi khomo kufotokoza kuti mayi awo akudwala, koma matenda osaoneka bala ndi ovuta kuwaikira umboni. Wothyoka mwendo amaonetsa chikhakha. Woiwala alibe choonetsa, ndipo sangathe n'komwe kudziikira kumbuyo. Chomwe anthu a ku New Haven aja achita, asanapeze mankhwala, n'kulijambula balalo. Pali malo enieni m'mutu, ali ndi dzina, ndipo pamenepo mawoloko achepa. Munthu yemwe wafunsa kanayi sananyoze yankho lanu. Yankholo linafika, koma linasowa polowera.

Ndipo si makwawa onse omwe amakwiririka nthawi imodzi. Kale mu 1881 katswiri wa ku France, Théodule Ribot, anaona kuti zatsopano ndizo zimayamba kutayika, zakale zimatsalira. Kamzere ka dzulo mphepo yokha imakafafaniza, koma khwawa la zaka 70 limafuna dothi lambiri. Agogo anga anafika poiwala ngati adya kapena ayi, koma mukawapatsa lichero manja awo ankapeta okha, gaga uko, mphale uku, osataya njere. Nyimbo za kutchalitchi zomwe anaphunzira ali namwali ankaziimba ndime zonse, ife ogwira buku tikupunthwa.

Ulendo wanga womaliza kuwaona kunali kutagwa mvula usiku, ndipo khwawa lija linkamveka kuchokera pakhonde. Ndinawapeza atakhala pamkeka akuwothera dzuwa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, nkhope ili zii, kenaka maso awo anawala. Dzina langa silinabwere. Linabwera la mlongo wawo, yemwe anapita ku migodi ya ku Joni ine ndisanabadwe ndipo sanabwerenso. Abale amati ndinatengera mphumi yake.

"Achimwene," anatero, akusuntha kuti andipatse malo pamkekapo, "mwafika liti?"

Mayi anga anatsegula pakamwa kuti awakonze, koma ndinawagwira mkono. Ndinavula nsapato n'kukhala pansi.

"Dzulo, achemwali."

"Mwachita bwino," anatero agogo. "Mvula yayamba. Mawa mukandithandize kubzala."